Gasi, sola, inveta kapena jenereta: ndalama yoyamba ipite kuti magetsi akamathimathima?

Mdima wa m'tauni umabwera ndi phokoso lake. Kwathu ku Chilomoni magetsi akathima cha m'ma 6 koloko madzulo, choyamba kumveka ndi "aaa!" wa dera lonse, ngati wina waphonya penate. Kenako zitseko za kukhitchini, kenako pha, pha, pha, chivindikiro cha ndowa chikukupiza mbaula. Ine zandigwerapo kambirimbiri phala la nsima litangoyamba kubwadamuka pa hotipuleti, ufa uli m'mbale, mthiko uli m'manja. Nsima yosamuka moto imatuluka ya mibulu, ndipo ana amadya akukuyang'ana.

Mu 2022 tonse tinatopa. Alamu anga anagula jenereta. Ine ndi bambo a kunyumba kuno tinagula batire la galimoto ndi kainveta ka pamsika, kachida kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma. Tonse tinataya ndalama, kungosiyana kuchuluka kwake, ndipo cholakwa chathu chinali chimodzi: tinkasaka chida chimodzi choti chilowe m'malo mwa magetsi onse a m'nyumba. Chida chotero chilipo, koma mtengo wake ndi wa galimoto. Munthu wamba amapulumuka akagawa nyumba yake pawiri: zinthu zofuna moto, ndi zinthu zofuna kamphamvu pang'ono. Mbali iliyonse ili ndi mankhwala ake.

Kuthima kwake n'kosiyana, ndiye yambirani pamenepo

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire. Malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pamzere pa mtsinjewu, ndipo madzi ake amatuluka m'nyanja ya Malawi kudzera pa zitseko za ku Liwonde. Kuyambira 2017 wopanga magetsi ndi EGENCO, ESCOM n'kumagawa. Nyanja ikatsika, monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017, makina amasowa madzi ndipo magetsi amagawidwa mosinthanasinthana. Mvula ikachuluka vuto limatembenuka: matope, zinyalala ndi namasupuni zimatseka polowera madzi, makina n'kuimitsidwa kuti achotse. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Minda ya sola ya ku Salima ndi ku Golomoti imathandiza, koma nthawi imene aliyense akuphika, kucha m'mawa ndi madzulo, dzuwa limakhala kulibe.

Izi si za m'kalasi chabe. Kuthima kwa ndondomeko, kwa maola anayi kapena asanu ndi limodzi, batire limakukwanitsa chifukwa magetsi akabwera limadzazanso. Kuthima kwa vuto, mtengo utagwera mawaya kapena akuba atakhetsa mafuta m'thiransifoma, kumatha masiku, ndipo batire lopanda sola limangokhala chimwala pakona. Achibale athu a ku Chipata ndi ku Lusaka m'dziko la Zambia anazionera pafupi mu 2024, madzi atachepa pa damu la Kariba: magetsi ankathima mpaka maola 21 pa tsiku. Maola atatu otsalawo sakwana kudzaza batire lililonse lalikulu. Choncho musanafunse mtengo wa chilichonse, kumbukirani kuti m'dera lanu magetsi amathima motani.

Kenako tengani pepala muzungulire nyumba. Kumbuyo kapena kunsi kwa chipangizo chilichonse kuli nambala yothera ndi W, kutanthauza mawati, mphamvu imene chimadya. Babu la LED ndi 5W mpaka 9W. Rauta ya intaneti 10W. Kanema wa mainchesi 32 amazungulira pa 50W, laputopu 45W mpaka 65W. Ndiye onani mbali inayo: ketulo 2000W, simbi 1000W kupita m'mwamba, mbale imodzi ya hotipuleti 1000W kapena 1500W, giza mpaka 3000W. Ketulo imodzi ikudya mphamvu ya mababu oposa 200. Chilichonse chotenthetsa chichotseni m'maganizo a batire ndi sola. Ine zinanditengera ndalama kuti ndimve zimenezi.

Kuphika: apa ndiye pali nkhondo yeniyeni

Mbaula ya makala ili m'nyumba iliyonse, ndiye siifuna kuifotokoza. Kuyamba nayo n'kotchipa, ndipo nyemba, makanda a ng'ombe ndi chimanga chowotcha zimaikonda. Koma thumba la makala limakwera mtengo chaka ndi chaka, makamaka m'dzinja, pomwe amabweranso onyowa. Kumwamba kwa thumba amaika akuluakulu, kunsi fumbi lokhalokha. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, moti kuotcha, kunyamula ndi kugulitsa makala opanda chilolezo ndi mlandu. Ndipo pali chinthu chimene sitikonda kuchilumikiza: mapiri amene akumetedwa kuti tipeze makala ndi omwewo amene dothi lake likukokolokera mu Shire n'kukatseka makina. Tikuphikira makala chifukwa magetsi athima, magetsi akuthima mwa zina chifukwa cha makala.

Gasi ndiye amene anasintha madzulo anga. Ndinkamuopa ngati njoka. Amayi anga mpaka lero akabwera amakhala pakhonde ndikamayatsa, amvekere, "Iwe, chibomba chakocho chidzatiphulikira." Koma silinda ya 6 kg kapena 9 kg yokhala ndi mbale imodzi kapena ziwiri imayaka pompopompo, tiyi wa ana opita kusukulu amapsa m'mphindi zisanu, mapoto sada, ndipo ukazimitsa wazimitsa, palibe makala otsala akungonyeka pachabe. Polowera ndi pamene pamawawa: silinda, regyuleta, paipi ndi chitofu zimafuna ndalama ya nthawi imodzi. Mtengo wa gasi amaika ndi a MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo chifukwa amachokera kunja, ndalama zakunja zikasowa nayenso amasowa. Amene angathe akhale ndi masilinda awiri, wina wodzaza akudikira.

Za ngozi, malamulo ake ndi ochepa. Silinda iime chilili, isagone. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi, ndiye khitchini ikhale ndi potulukira mpweya. Anamuthira fungo dala kuti mumumve. Mukamva fungolo tsekani silinda, tsegulani mawindo, musayatse machesi ngakhale kukhudza switchi ya magetsi. Mukabwera kodzazitsa, pakani thovu la sopo polumikizira: pakatuluka timathovu ndiye kuti pakudontha. Paipi ikayamba ming'alu sinthani, osamata ndi tepi.

Chimene gasi sakonda ndi nyemba. Poto wa nyemba zouma pa gasi ndi ndalama ikuwuluka mukuiona. Ine ndimaziviika usiku wonse, m'mawa n'kuziwiritsa mphindi 20 kapena 30, kenako potoyo ndimamukulunga ndi bulangete lakale n'kumuika m'dengu, pamwamba pilo. Pofika masana zafewa, zatsala n'kukazinga basi. Amene ali ndi bwalo ndi nkhuni zotolatola, Chitetezo mbaula, yadothi ija, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa ndipo ndi yotchipa. Ndiye kwa ine yankho la kuphika si limodzi: gasi wa m'mawa ndi madzulo a pakati pa sabata, mbaula ya zophika nthawi yaitali.

Pa makala pali mawu amodzi oti ndisawadumphe. Mu Juni ndi Julaye, kukazizira magetsi n'kuthimanso, anthu amalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka, wosanunkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, munthu n'kuganiza kuti ndi tulo, osadzukanso. Makala akafiira bwino osatulutsa utsi, poizoniyo amakhala akutulukabe. Mbaula igone panja.

Kuwala: pano musawonongepo zambiri

Kandulo amaoneka wotchipa chifukwa timagula mmodzimmodzi. Werengani a mwezi wonse. Kuonjezera apo kandulo ndi katani, kandulo ndi neti ya udzudzu, kandulo ndi mwana wogona pa buku, zonsezi zaotcha nyumba zambiri. Koloboyi naye anatha nthawi yake: mwaye m'mphuno, parafini wosowa. Ndimasunga paketi imodzi ya makandulo m'kabati, koma ngati womaliza.

Mababu otchaja, aja amakhalabe oyaka magetsi akathima, ndi abwino chifukwa safuna kuwakumbukira. Ali ndi timabatire m'kati, ndipo akakhala atsopano amapirira maola atatu kapena anayi. Zinthu ziwiri zokha: ambiri amatchaja pokhapokha switchi yake ikakhala yoyatsa magetsi alipo, ndipo pakatha miyezi maolawo amatsika. Popita kogula onani kaye polowetsa babu m'nyumba mwanu, ngati ndi pa timapini tiwiri kapena popotokola. Ine ndinabwera nawo atatu olakwika, wogulitsa n'kukana kusintha.

Nyali ya sola ya m'manja, yokhala ndi kapanelo kake ndi potchajira foni, imawaposa pa kuthima kwa masiku chifukwa siidikira magetsi. Ndipo kachida konyozeka kamene ndimakakonda kuposa zonse ndi tochi ya pamutu. Kuphika, kusambitsa mwana, kupita kuchimbudzi chapanja, manja onse awiri ali omasuka. Foni isakhale tochi ya nyumba. Muidzafuna ili ndi moto.

Za foniyo mwachidule: pawabanki yolembedwa 20,000mAh imadzaza foni yamakono katatu kapena kupitirira pang'ono, osati kasanu monga masamu a pachikutiro amanenera, chifukwa mphamvu ina imatayika posintha. Ogwira ntchito pa intaneti kunyumba, kabokosi ka batire ka rauta yokha n'kotchipa kwambiri kuposa inveta ndipo kamapirira maola angapo.

Batire ndi inveta: masamu amene wogulitsa sakuuzani

Batire la 12V lolembedwa 100Ah limasunga 1200Wh (12 kuchulukitsa ndi 100), kutanthauza mphamvu yoyendetsa chipangizo cha 1200W kwa ola limodzi. Likakhala la mtovu, la asidi kapena la jelo, mukuyenera kugwiritsa theka lokha, apo ayi mukulipha. Zatsala 600Wh. Inveta nayo imadyapo yake posandutsa magetsi a batire kukhala a 230V, ndiye mwatsala ndi pafupifupi 500Wh. Tsopano mababu anayi a 7W, kanema, dikoda, rauta ndi mafoni awiri zikafika cha m'ma 120W. Gawani: maola anayi. Ndiwo madzulo amodzi, nkhani za 8 koloko ndi homuweki ya ana. Si zochepa, koma si nyumba yonse.

Batire lathu la galimoto linafa lisanathe miyezi inayi. Silinali lachinyengo. Batire la galimoto analipanga kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako lidzazidwe pomwepo. Kulikama pang'onopang'ono mpaka kuuma usiku uliwonse ndi kulizunza. Pa inveta pamafunika batire la deep cycle, lopangidwa kuti lizikamidwa pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Ndipo ngakhale limenelo lili ndi khalidwe lake: la mtovu limafuna maola asanu ndi atatu kapena khumi kuti lidzaze bwino. Magetsi akamabwera 10 koloko usiku n'kuthima 4 koloko m'mawa, limakhala losakhuta tsiku ndi tsiku mpaka limafooka.

La lithium, mtundu wolembedwa LiFePO4, mtengo wake umakugwetsa mphwayi poyamba. Koma mumagwiritsa 80 kapena 90 pa 100 iliyonse ya mphamvu yake, limadzaza msanga, ndi lopepuka, ndipo limapirira kudzaza ndi kutha kokwana masauzande pamene la mtovu limawerengera mahandiredi. Kwa munthu amene kwawo magetsi amathima tsiku lililonse, la mtovu mudzaligula kawiri kapena katatu la lithium lidakalipo. Kwa amene amathima mwa apo ndi apo, la jelo likukwanirani.

Pogula la mtovu, linyamuleni. La 100Ah lenileni limalemera makilogalamu pafupifupi 30. Mukalinyamula ndi dzanja limodzi mukumwetulira, zolembedwazo ndi zabodza. Inveta nazo zili pawiri. Zotchipa zija zimatulutsa magetsi okhakhala: mababu ndi matchaja zimalola, koma fani imalira ngati njuchi ndipo filiji imavutika. Zolembedwa pure sine wave ndi zimene zimafanana ndi magetsi a pakhoma. Filiji imadya 100W kapena 150W ikamayenda, koma podzuka imakoka kangapo kuposa apo, ndiye kainveta ka 300W kamangolira n'kuzima.

Sola: batire lopeza chakudya chake

Panelo ndi imene imasandutsa batire kuchoka pa chosungira kukhala gwero. Dziko lathu lili ndi mwayi wa dzuwa: maola pafupifupi asanu a dzuwa lamphamvu pa tsiku. Panelo ya 300W, mutachotsa zotayika, imapereka 1 kWh kapena kuposera pang'ono patsiku, kutanthauza yuniti imodzi ya pamita. Yuniti imodzi! Anthu amakhumudwa akamva, koma yuniti imodziyo ikudzaza batire lija pafupifupi kawiri. Ndipo miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, mitsinje ikaphwa, ndi imene dzuwa limaswa mtengo. Vuto ndi mankhwala ake zimafika limodzi.

Panelo iyang'ane kumpoto, popeza tili kumwera kwa equator, ndipo ipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka. M'chilimwe fumbi limaikuta, ndiye kansalu konyowa kamodzi pa sabata, m'mawa isanatenthe. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pakona umagwetsa mphamvu ya panelo yonse. Pakati pa panelo ndi batire pakhale kontirola, kachida koletsa batire kudzaza mopitirira muyeso; kulumikiza mwachindunji kumaphika batire. Ife a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje tisaiwale chiperoni: masiku atatu a nkhungu ndi mvula yowaza, panelo imangopereka kachigawo. Mapanelo abodza aliponso. Ya 300W yeniyeni ndi yaikulu, yotalika cha m'ma mita imodzi ndi theka, mulifupi mita imodzi. Kakang'ono ngati thireyi kolembedwa 300W kasiyeni pomwepo.

Pali makampani ogulitsa sola yathunthu, panelo, kabatire, mababu atatu kapena anayi, wailesi, ena mpaka kanema, yolipira pang'onopang'ono pa Mpamba kapena Airtel Money. Ubwino wake simufuna ndalama yambiri tsiku loyamba, ndipo ikawonongeka muli ndi kokadandaula. Kuipa kwake mukaphatikiza zonse mumalipira zambiri kuposa wogula kamodzi, ndipo mukadumphitsa malipiro imadzitseka yokha. Kwa wokhala nyumba ya lendi imeneyi ndi yabwino, chifukwa posamuka mumangoizula. Kukhoma mapanelo akuluakulu padenga la eni ake ndi nkhani yoyamba mwakhala pansi ndi alandilodi. Ndipo kulikonse kumene muli, mabawuti ake akhale owotcherera, chifukwa panelo ili ndi miyendo usiku.

Chinanso: zonsezi zimachokera kunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mabatire ndi mapanelo inatsatira. Kusunga ndalama chaka chonse kuti mudzagule zonse pakamodzi kumatha kukusiyani m'mbuyo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: ife tinayamba ndi inveta yolola panelo ndi batire limodzi, panelo inabwera patapita miyezi isanu.

Jenereta ya alamu

Tsiku loyamba inalira, ana a m'dera lonse anadzaza pawindo kuonera mpira. Alamu ankayenda ngati bwana. Pofika mwezi wachiwiri inkalira Loweruka lokha. Jenereta ya petulo ya 2.5 kVA imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola. Maola asanu pa tsiku ndi malita 150 pa mwezi, ndipo imamwa ngakhale mukuyatsira mababu atatu ndi kanema basi. Onjezani oyilo, pulagi, ndi kabyuleta yomwe imatsekeka petulo akagonamo nthawi yaitali. Kenako mafuta anasowa m'dziko muno, mizere ya magalimoto n'kumagona pa filing'i siteshoni, ndipo nthawi ngati zimenezo a MERA amaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Magetsi kulibe, petulo kulibe. Walira mvula walira matope.

Sindikunena kuti jenereta ndi yachabe. Ndi yokhayo pa zonsezi imene imapereka mphamvu yambiri pa ndalama yolowera yochepa, ndipo siisamala kuti kunja kuli mitambo. Wowotcherera, wa saluni yokhala ndi madiraya, wa butchala amene ali ndi nyama ya ndalama zambiri m'mafiriza, wopopa madzi pachitsime: amenewa jenereta imawabwezera ndalama, chifukwa ola lililonse ikulira iwo akupanga ndalama. Pakhomo wamba ola lililonse ikulira ndalama ikungotuluka. Wometa tsitsi naye asanamizidwe, makina ometera amadya mphamvu yochepa kwambiri, batire ndi panelo zimamukwanira popanda phokoso. Ya alamu pano ili kwa mnyamata wina wowotcherera mageti, ndipo kumeneko ikugwira ntchito yake.

Amene muli nayo kale, zinthu ziwiri zimapha. Choyamba utsi wake, poizoni yemwe uja wa makala koma wochuluka. Anthu amaiika m'khitchini kapena m'kolido poopa akuba. Iikidwe panja, kutali ndi mawindo, m'kakhola ka zitsulo kokhoma ngati mukuopa. Chachiwiri ndi chingwe cha mapulagi awiri, chija amalowetsa mbali ina ku jenereta mbali ina pa soketi ya pakhoma. Magetsi amenewo amabwerera m'mawaya a panja ndipo angaphe mmisiri amene ali pa pholo akukonza, poganiza kuti mawaya ndi ozizira. Magetsi akabwera mwadzidzidzi jenereta imapsanso. Kulumikiza jenereta kapena inveta ku mawaya a nyumba kumafuna changeover switch, switchi yodula magetsi a ESCOM isanalowetse anuwo, yoikidwa ndi mmisiri wa zamagetsi wa chilolezo. Musathiremo petulo ikulira kapena idakali yotentha.

Filiji ndi madzi

Ndimagulitsa mafirizesi ndi thobwa lozizira, ndiye filiji ndi ofesi yanga yachiwiri. Ndinapeza kuti pa kuthima kwa maola ochepa siifuna batire, imafuna mwambo. Filiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola pafupifupi anayi. Firiza yodzaza imapirira mpaka maola 48, yatheka maola 24. Ndiye malo opanda kanthu ndimadzazamo mabotolo a madzi kuti aume. Magetsi akathima awiri ndimawasamutsira kumtunda kwa filiji. Firiza yotsegula chokweza imaposa yoimirira, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, sutayika mukatsegula. Mdani wamkulu ndi mwana wofuna madzi ozizira mphindi khumi zilizonse. Ndinagula mtsuko, nkhani inatha. Nyama ikasungunuka, iphikeni idakali yozizira kapena muifutse ndi mchere n'kuiyanika monga ankachitira agogo. Odwala shuga amene amasunga insulin, isakhudzane ndi ayisi chifukwa ikauma yawonongeka. Funsani kuchipatala kuti mtundu wanuwo umapirira masiku angati kunja kwa filiji.

Madzi anthu amawaiwala pokonzekera mdima. Ambiri mwa madzi a mu Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, kukwera mtunda wautali mpaka m'tauni, ndipo mapampu amayendera magetsi. Magetsi akavuta kwa nthawi, mipopi imatsatira, makamaka kwa ife okhala m'mapiri. Diramu ya malita 200 yovindikira bwino ndi zigubu ziwiri za madzi akumwa n'zotchipa kuposa inveta kapena jenereta. Akumwa athiridwe klorini kapena awiritsidwe, ndipo potunga pakhale kapu yakeyake. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa mokwanira.

Ndiye ndani agule chiyani

Wa chipinda chimodzi kapena ziwiri za lendi: tochi ya pamutu, nyali ya sola yotchaja foni, diramu, kenako kasilinda ka gasi ka 3 kg kapena 6 kg. Inveta ikhoza kudikira. Banja la ana asukulu, kanema ndi filiji: gasi poyamba, chifukwa njala ndi imene imayambanitsa anthu m'nyumba, osati mdima, kenako batire labwino ndi inveta ya pure sine wave yolola panelo, panelo ikubwera ndalama ikapezeka. Amene ntchito yake ili pa laputopu atembenuze: batire ndi panelo poyamba, aziphikabe pa mbaula kwa kanthawi. Jenereta isiyireni amene magetsi ndiwo khasu lake.

Tizinthu tina n'taulere. Ndondomeko ya kuthima kwa magetsi ESCOM imaitulutsa pa masamba ake a mchezo, ndipo m'madera ambiri muli magulu a WhatsApp ouzana. Dziwani gulu la dera lanu. Kamakina kolowetsera mayunitsi, kaja kokhala m'nyumba mita ili panja, kamafuna mabatire ake. Sungani awiri atsopano, chifukwa nthawi zina mdima umene mukutukwanira ena ndi mayunitsi anu atha. Musanadandaule suzumirani kwa aneba. Khalani ndi ndalama pang'ono ya m'manja, popeza kuthima kukatalika netiweki imagwa ndipo wa Mpamba amangoti "sizikutheka, mayi." Ufa musadikire kuti uthere, zigayo zambiri zimayendera magetsi omwewo, ndipo mzere wa kuchigayo tsiku limene abwera umafika kumsewu.

Magetsi akangothima, zimitsani kuka, simbi ndi ketulo pakhoma pomwe. Nyumba zimapsa chifukwa munthu anasiya hotipuleti yoyatsa, n'kupita kutchalitchi, magetsi n'kubwera poto ali pomwepo. Zulani kanema, dikoda ndi matchaja, musiye babu limodzi loyatsa kuti likuuzeni. Pobwera, magetsi nthawi zina amayamba aphethiraphethira, ndipo kuzima n'kuyaka motsatizana ndi kumene kumapha injini ya filiji. Kachida koteteza filiji, kaja kamadikira mphindi zitatu kapena zisanu kasanalole magetsi kudutsa, n'kotchipa kutalitali kuyerekeza ndi kukonzetsa filiji.

Ana akakuwa kuti "ayaka!" ine ndimadikira mphindi zisanu. Kenako filiji, kenako batire ndi pawabanki, kenako mababu otchaja onse ndimawayatsa ngakhale kuli masana. Ikakhala 11 koloko usiku ndimadzuka ndithu n'kusita mayunifolomu a sabata yonse, asanu a mnyamata, asanu a mtsikana. Simbi ya makala ya amayi idakali pamwamba pa kabati, ndipo mwezi watha inagwira ntchito kawiri.